Amayi tikudya komaliza, kuchipatalanso tikupita komaliza

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yanuyi ndilankhule ndi amayi anzanga a muno mu Lilongwe, azibambo nawonso ngati angapirire awerenge mpaka kumapeto chifukwa mbali ina ndi yawo. Ine si nesi si dokotala, ndine telala chabe, ndimasoka pakhonde la shopu ina ku Area 25 chakufupi ndi msika wa Nsungwi, nde ngati pena ndalemba mokhotakhota mundikhululukire, ndazolowera singano osati cholembera.

Mwezi wa February tinaika m'manda achemwali anga aakulu, amake Chisomo. Anali ndi zaka 44. Inali khansa ya khomo la chiberekero. Pamaliro onse amene anayankhula amangoti "adwala nthawi yayitali", palibe olo mmodzi anatchula dzina la nthendayo ngati kuti ukaitchula ikutsatira kunyumba. Ine ndaitchula pano dala.

Nkhaniyi inayamba kalekale ife osadziwa kanthu. Amataya magazi pakati pa mwezi osati masiku awo osamba ayi, pena akakhala malo amodzi ndi alamu m'mawa kupeza magazi pansalu. Iwo amvekere ndi jakisoni wakulera ameneyu akundisokoneza, anasiya jakisoni, magazi osasiya. Kenako kunayamba kutuluka timadzi ta fungo, msana kuwawa, chinena kuwawa. Mukudziwa chimene anachita? Anagula panado ndi sopo wonunkhira. Chaka chathunthu ndi miyezi ingapo akudzuka 4 koloko kukapikula tomato ku Wakawaka, kubwera kudzayala pabenchi, madzulo kuphika, kuchapa mayunifolomu a ana, mawa chimodzimodzi. Tsiku lina ndinawafunsa kuti achemwali bwanji mwaonda chonchi siketi ndinakusokerani ija ikuchita kuzungulira m'chiuno, anangoseka nkunena kuti mng'ono wanga moyo wa mtauni uno ukufuna ndinenepe ndi chani.

Zitafika poipa anthu anayamba zawo zija, ena ati ndi mnzawo wapamsika wawachita chipongwe chifukwa geni imayenda, ena ati ndi tsempho, nde kunali kwa asing'anga, kunali kumapemphero a usiku, ndalama ya mpamba yonse inathera m'menemo. Ine pemphero sindilinyoza, ndine mayi wa Chigwirizano ndipo ndimavala yunifolomu yanga monyadira, koma Mulungu yemweyo ndi amene anapatsa nzeru anthu a kuchipatala. Mmene timafika nawo kuchipatala chachikulu adokotala sanakalipe, anangofunsa mofatsa kuti mayi munayamba mwayezetsapo khomo la chiberekero? Iwo ayi. Tangoganizani a Mkonzi, ana anayi onse anabadwira kuchipatala, kusikelo samaphonya, makhadi a ana onse ali bwinobwino mu jumbo palibe katemera amene anadumphidwa, koma buku lawo la kuchipatala eni akewo linali loyera ngati logula dzulo.

Tsopano chimene chimandisowetsa tulo mpaka lero ndi ichi. Atagonekedwa anapezeka kuti magazi ndi ochepa kwambiri moti mankhwala a mudiripi aja, kemo, amati sangayambe mpaka awonjezeredwe magazi kaye, thupi linalibe poyambira. Nde muone zakudya zimene zinayamba kubwera ku wodi. Mazira owiritsa, mkaka, yogati, chiwindi chokazinga, chambo. Alamu anga, amene zaka zoposa 20 za ukwati nthutumba ndi ntchafu zinali zawo popanda wofunsa, anabwera ndi nkhuku yachikuda yathunthu mu kontena akuti amake Chisomo idyani mupeze mphamvu. Achemwali amangolawa masipuni awiri a msuzi nkutembenukira kukhoma. Nkhukuyo tinadya ndi ife magadiyani panja pa wodi, ine ndikudya misozi ili chuchuchu, chifukwa ndimadziwa kuti munthu ameneyu pamene anali ndi mano ndi njala yake amadya khosi ndi zipalapasiro, pena kungopungulira msuzi pa nkhoko ana akagona.

Ndipo si achemwali okha, tisanamizane. Ndi ine, ndi inu mayi amene mukuwerenga. Mbale yoyamba ya bambo, yachiwiri ya ana, alendo akabwera mayi ndi amene amati ine ndadya kale pophika pomwe sanalawe kanthu. Masana kumsika kapena ku ofesi timangoti tiyi ndi mandasi awiri, kapena Sobo ndi sikono, chimanga chootcha, bola m'mimba mwalowa kanthu. Mtima womwewo wodziika kumapeto pa mbale ndi umene umatiuza kuti magazi angokhala pang'ono awa asiya okha, ndalama ya minibasi ndigulire mwana kope. Anthu amatiyamikira kuti mayi uyu ndi wopirira, ndipo ife timamva kukoma, mpaka tsiku lomwe akuyamikira kupirira kwako uli m'bokosi.

Mwana wa achimwene anga akuphunzira za kadyedwe ku LUANAR ku Bunda, nde maliro atatha anakhala nane pansi nkundiwerengera zinthu zimene ndinachita nazo manyazi kuti zaka zonsezi ndimaphika osazidziwa. Akuti zakudya zomanga thupi zija, mapuloteni, munthu wamkulu amafunika pafupifupi magalamu 0.8 pa kilo iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, kutanthauza kuti mayi wa makilo 60 ngati ine akufunika magalamu 48 kapena 50, woyembekezera ndi woyamwitsa kuposa pamenepo. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Ine ndinati aaa iwe ukufuna ndizidya mazira 8 pa tsiku ndi mitengo ilipoyi, chigwereni kwacha mu November 2023 dzira lasanduka chakudya cha pa Khisimasi. Anaseka amvekere anti musathawe, zinthu zake muli nazo kale m'nyumba. Nyemba zophika kapu imodzi yodzadza ndi magalamu cha m'ma 15. Mtedza wodzadza dzanja limodzi cha m'ma 7. Mkaka kapena chambiko kapu imodzi 8. Soya ndiye mfumu ya zonse zakumunda, gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi mapuloteni okhaokha, nchifukwa chake Likuni Phala amasakaniza chimanga ndi soya. Usipa wouma ndi bonya amene timamunyoza uja, kuposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi, komanso popeza timadya ndi minga yomwe mafupa athu amapindula. Nsima nayo ili ndi kake kochepa, ndipo ikakumana ndi nyemba, nandolo, khobwe kapena nzama zimathandizana, chimene chikusowa mu chimanga chimapezeka mu nyembazo.

Nde mukaona bwinobwino nkhani si ya soseji ndi nyama ya mu shopu ayi. Ndi kuthira masipuni awiri a nsinjiro m'phala la m'mawa ndipo iwe mayi udyeko osangopatsa ana. Ndi kutendera nkhwani ndi chisoso m'malo mongothira tomato ndi mchere. Ndi kuika mtedza wokazinga m'kachikwama popita ku geni m'malo mwa mandasi achitatu. Nthawi ya ngumbi tidye ngumbi, mbewa zikabwera kuchokera ku Mitundu kapena ku Nsundwe tisamachite manyazi kuti tinabwera mtauni, mphalabungu, ziwala, agogo athu anakulira zomwezo ndipo amalima mpaka zaka 70. A zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo za magulu 6 a zakudya, timaimba nawo nyimbo ndi kuwomba m'manja, koma timaona ngati phunzirolo ndi la mwana amene ali kumbuyoyo basi.

Pa mtedza pomwepa ndichenjeze, chifukwa nanenso ndinali wokonda kugula wotchipa woswekasweka uja wa pansi pa thumba kuti ndikasinje. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa ponyowa zimachita chuku, ndipo chuku chimenecho chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa ya chiwindi, kukazinga sikumuchotsa. Wofota, wakuda, wowawa mkamwa, tayani, osanena kuti ukasinjidwa suoneka.

Anandiuzanso za magazi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi atatu alionse a msinkhu wobereka mmodzi ali ndi magazi ochepa. Nzosadabwitsa, mwezi ndi mwezi tikutaya magazi, kubereka tikutaya magazi, obwezeretsa palibe. Chiwindi, tinsomba, nyemba, bonongwe ndi masamba ena obiriwira zimathandiza, makamaka ukadyera limodzi ndi zipatso monga malambe, magwafa kapena malalanje. Koma tiyi amene timamukonda uja ukamwera pa chakudya pomwepo amatchinga thupi kuti lisatenge bwino ayironi, mchere wa m'zakudya umene umathandiza kupanga magazi, bola kudikira kaye ola limodzi. Ndipo chonde azipongozi ndi anamkungwi, nkhani yoti woyembekezera asadye mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi ija tiisiye, ine ana anga awiri ndinadya mazira mobisa ndipo anabadwa ndi tsitsi loti ungaluke. Agogo akunyumba nawonso tisamangowapatsa phala loyera ndi tiyi ati alibe mano, munthu akamakalamba minofu imatha, nyemba zofafaniza, dzira ndi chiponde safuna mano.

Koma ndinene mosapsatira kuti wina asandimve molakwa. Kudya bwino sikuteteza munthu ku khansa ya khomo la chiberekero ndipo sikuchiza. Ndikunena izi chifukwa m'magulupu a WhatsApp ndi pa Facebook mwadzaza anthu ogulitsa maufa a m'mabotolo, tiyi wotsuka m'mimba, timibulu toika kumaliseche ati timachotsa zoipa m'chiberekero, mitengo yake yoti ungagule thumba la nyemba. Achemwali anagulitsidwa botolo limodzi atadwalika kale, sindinamukhululukirebe mayi ameneyo. Chammwamba ndi ndiwo yabwino koma si mankhwala a khansa. Chakudya chimakupatsa thupi loti likakumana ndi matenda kapena opaleshoni likhale ndi polimbira, koma chimene chimagwira khansa imeneyi isanayambe ndi kuyezetsa basi.

Ine ndinapita patatha milungu itatu chiikireni maliro, miyendo ikunjenjemera. Zimene ndinkamva kwa anzanga ndi zoti amakulowetsa chitsulo chachikulu, ena ati amatulutsa chiberekero nkuchitsuka nkuchibwezera, ena ati ukangoyezetsa ndiye wayidzutsa. Bodza lokhalokha. Nesi wake anali mayi wachikulire, anandiuza kuti ndigone chagada, analowetsa kachipangizo kangati mlomo wa bakha kongotsegulira njira kuti aone, kamazizira ndipo sikasangalatsa koma ife amene tinabereka tisamanamizire kuti nzowawa. Kenako anapaka viniga, eya viniga ngati wa pa tchipisi yemweyu, pakhomo la chiberekero nkudikira mphindi imodzi akuunika ndi tochi. Ngati pali malo amene ayamba kusintha amayera, ngati palibe amakuuza pompo kuti muli bwino mudzabwerenso pakatha zaka zakuti, amalemba m'buku. Nthawi imene ndinakhala pabedipo siyikwana ndi yomwe ndimatenga kuika zipi pa siketi. Sindinalipire kalikonse.

Mnzanga amene ndinapita naye anamupeza ndi timalo toyerato. Analira kuti basi ndafa, anesi amvekere ayi mayi iyi si khansa, ndi chiyambi chabe chimene chikanadzasanduka khansa mukanakhala. Anamuwotcha pamalopo tsiku lomwelo ndi kamakina kotentha, kwa mphindi yosakwana ngakhale iwiri, nkumuuza kuti apewe kukhala malo amodzi ndi bambo kwa milungu ingapo kuti papole. Njira yowotchayi ku chipatala cha Nkhoma komwe kuno kwathu ndi kumene anayamba kuigwiritsa ntchito kwambiri zipatala zina zisanatengere. Lero mnzangayo ali pa geni yake ya makala, chiberekero chake chili momwemo.

Anesi aja anandifotokozera kuti chimayambitsa nthendayi ndi kachilombo kotchedwa HPV kamene kamafala pogonana, ndipo nkofala kwambiri moti anthu ambiri amene anagonanapo amakatenga nthawi ina m'moyo mwawo, ambiri thupi limakachotsa lokha osadziwa nkomwe. Nde zoti ndi matenda a mahule zija tisiye, mayi wa pabanja wa mwamuna mmodzi amadwala, abambo amakanyamula popanda chizindikiro chilichonse. Kwa ena kamakhalirira nkuyamba kusintha khomo la chiberekero pang'onopang'ono, zaka 15 mpaka 20 kuti ifike pa khansa, koma kwa amene chitetezo chawo chatsika zaka 5 mpaka 10 zokha. Amayi amene ali ndi HIV chiopsezo chawo nchochuluka ka 6 kuposa ena, nchifukwa chake iwo amauzidwa kuyezetsa pafupipafupi, amene mumalandira ma ARV funsani komweko mukapita kukatenga mankhwala. Pamene ndinamva za zaka 15 zija ndinakhala chete, ndinawerenga chammbuyo nkupeza kuti nthawi imene achemwali amabereka mwana wachitatu akanangogona pabedi paja mphindi zochepa bwenzi lero tikukangana za ndalama ya chipereganyu.

Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse. Ziwerengero za 2020 zimati amayi oposa 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse muno m'Malawi ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Gawani nokha ndi masiku a pachaka, ndi amayi 8 tsiku lililonse. Ikanakhala minibasi ikugubuduzika pa Lilongwe Bridge masiku awiri alionse nkupha onse okweramo bwenzi nyuzi yanuyi ikulemba patsamba loyamba mpaka nduna itayankhapo, koma popeza akufera kuchipinda mwakachetechete atafunda zitenje ndi manyazi a fungo, timangoti adwala nthawi yayitali.

Katemera wa HPV alipo, anayamba kumuyesa ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013 ndipo mu 2019 boma linamufikitsa dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Chitsiriziro cha achemwali ndi mtsikana, ndikumulera ndine tsopano, ndinamugwira dzanja ndekha kukabayitsa. Aneba ena amvekere mwamupha mwanayo sadzabereka, ati ndi njira ya azungu yotichepetsa. Ndinawafunsa kuti nanga wa chikuku ndi wa poliyo amene tonse tinabayidwa ndi kudonthezedwa uja anatitseka? Taonani mmene tadzadzira mu Mgona ndi mu Mtandire. Amaperekera dala ali wamng'ono kuti chitetezo chikhale chilipo kale asanayambe zogonana, osati kumuuza kuti kayambe ayi.

Za mawere ndinenepo pang'ono chifukwa ntchito yanga ndi yoyeza zifuwa za amayi ndi tepi tsiku ndi tsiku. Kasitomala wina anabwera kuti ndimukulitsire bulauzi mbali imodzi yokha, ndinati mbali imodzi bwanji mayi, anandionetsa kuseri kwa katani, bere linali lotupa khungu lake ngati khoko la lalanje, nsonga italowa mkati, ati ndi miyezi 8 koma sizikuwawa nde ndimangoti zitha. Kusawawako ndi kumene kumatipusitsa. Mwezi uliwonse mukachoka kumwezi dzigwireni nokha posamba m'bafa, bere lonse mpaka kukhwapa, mukapeza kachotupa kolimba, nsonga ikutuluka magazi kapena timadzi, khungu lasintha, pitani sabata yomweyo. Zotupa zambiri si khansa koma amene anganene zimenezo ndi achipatala osati anzanu a pa mpopi. Inunso amayi amene munasiya kusamba kalekale mukaona magazi abweranso musati utsikana wabwerera, thamangani.

Azibambo, ndafika kwa inu. Ena mwa inu mumakaniza akazi anu ati sindifuna wina aone za mkazi wanga, ena mkazi akawotchedwa mumakana kudikira milungu yochepayo mpaka chilonda kunyeka. Pobereka ana anu amene mumanyadira aja anaona ndani? Alamu anga lero akuphika okha, akuchapa okha, tsiku lina ndinawapeza atakhala pakhonde ndi mbale ya nsima osadya, anandiuza kuti mlamu ndikanadziwa. Sindinawayankhe chifukwa nanenso ndikanadziwa. Mupatseni mkazi wanu ya thiransipoti, muperekezeni ngati mungathe, ndipo madzulo ano mukaona m'mbale mwanu muli nthuli zitatu dzukani mukaone kukhitchini kuti iye akudyera chani.

Boma layesetsa, tsopano pa Kamuzu Central pali chipatala cha khansa pomwe kale ofuna chithandizo chowotcha ndi makina amachita kudikira mwayi wotumizidwa kunja monga ku India, ndipo kuyeza kukuchitika pa Bwaila ndi zipatala zina zing'onozing'ono za m'ma Area mu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO mu 2020 linaika cholinga choti pofika 2030 atsikana 90 pa 100 alionse akhale atabayidwa katemera, amayi 70 pa 100 atayezedwa, ndipo 90 pa 100 mwa opezeka ndi vuto athandizidwe. Koma 70 imeneyo sitingaifike ngati zimene zinachitikira mnzanga wina zipitirira, anatseka geni yake tsiku lonse, kulipira kabaza, kukhala pa layini kuyambira 6 koloko pa chipatala china chimene sinditchula, 11 koloko nkuuzidwa kuti woyeza wake wapita ku semina mubwere sabata yamawa. Mayi wogulitsa tomato sabwera kawiri. Bwanji osayeza Loweruka olo kamodzi pamwezi, bwanji osabwera ndi tenti m'misika ngati mmene amachitira a zoyeza magazi? Ndipo mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 49 akabwera ndi mwana kusikelo kapena kudzatenga zakulera azifunsidwa kuti mayi inu munayezetsa liti, funso lokhalo likanapulumutsa achemwali.

Inunso a Mkonzi, nkhanizi musamangozilemba mu October anthu akavala matisheti apinki nkuyenda mumsewu ndi bandi ya apolisi. Tipatseni kakona kakang'ono sabata iliyonse kolemba m'Chichewa kuti chipatala chakuti amayeza masiku akuti nthawi yakuti, tizijambula pafoni nkutumizirana m'magulupu. Ife amayi a m'mipingo, a Chigwirizano, a Dorika, a m'miphakati, a Chisilamu, timakumana sabata ndi sabata, ku ma bridal shower timatha maola atatu kuphunzitsa mtsikana mmene angasamalire mwamuna koma palibe amamuuza kuti ukafika zaka 25 ukayezetse.

Ku banki m'khonde yathu tagwirizana kuti amene abwere ndi buku la kuchipatala lolembedwa kuti wayezetsa, ya minibasi timubwezera kuchokera mu thumba la zadzidzidzi, ndipo pamsonkhano m'malo mwa Sobo ndi mabisiketi tizidya mtedza ndi mazira owiritsa, wina anadandaula kuti mazira amanunkhitsa m'nyumba koma anagonja pa mavoti. Tilipo 18, amene tayezetsa tafika 7. Lachinayi likubwerali tikupita ena asanu, tikumana pa siteji ya Nsungwi 6 koloko m'mawa, amene akufuna atipeze pomwepo atenge buku lake la kuchipatala ndi chitenje chapadera, ndipo asabwere ali kumwezi chifukwa akamubweza. Mashini anga ndiwatseka mpaka masana, amene muli ndi madiresi a ukwati wa Loweruka mundipirire.

Ine wanu,
Nachisale
Area 25, Lilongwe